KODI YANKHO LA KALATA YANU LIDZAFIKIRA YANI?

Kalata iri yonse yofuna yankho iri ndi maulendo awiri, wopita ndi wobwera. Ambiri a ife timasamala ulendo woyambawo. Timafunsa bwino dzina la ofesi, nambala ya bokosi ndi dzina la tauni, ndipo sitiiwala kumata sitampa. Koma za ulendo waciwiri, ndiwo wa yankho, timaganizira pang'ono pokha. M'dera la Mambwe, kumene midzi yambiri iri kutali ndi positi ofesi, ndipo lamya imagwira pa culu ici koma osagwira pa culu ico, munthu angathe kutaya malo a sukulu, nchito kapena ndalama pamene yankho linalembedwa ndithu, koma linakafikira munthu wina.

Liu lakuti "keyala", limene tonse timalichula ngati lathu lobadwa nalo, linacokera ku mau awiri a Cingerezi akuti "care of", ndiko kunena kuti kalata ipite m'manja mwa uje, iyeyo ndiye adzaipereke kwa mwini wace. Liuli likutiuza mbiri yathu. Makolo athu analibe mabokosi ao ao ku positi ofesi, ndipo kufikira lero palibe wa positi amene amayenda khomo ndi khomo m'midzi ya kwa Nsefu, kwa Kakumbi, kwa Mnkhanya, kwa Jumbe, kwa Msoro kapena kwa Malama. Kalata inkafika kudzera mwa munthu wina: mphunzitsi wamkulu wa sukulu, wansembe kapena mbusa wa pa mishoni monga Msoro ndi Kamoto, mlembi wa khoti la mfumu, kapena mwini sitolo. Keyala ya munthu wa m'cigwa muno inali dzina lace, dzina la mudzi, dzina la mfumu, ndipo pansi pace dzina la munthu uja womulandirira, kenaka Fort Jameson, imene inasandulika Chipata titalandira ufulu.

Amuna ambiri a kuno anapita kukagwira nchito ku Wankie, ku Salisbury, ku Broken Hill ndi ku migodi ya mkuwa. Wofika bwino ankalembera mkazi wace, ndipo kalatayo inkawerengedwa ndi mphunzitsi, mwina pamaso pa anthu. Pobweza mau, mkaziyo ankadalira keyala imene mwamunayo analemba pamwamba pa pepala, nayonso yodzera mwa bwana kapena kapitao wa pa komboni. Mwamuna akasiya nchito pa famu iyi ndi kukalowa pa famu ina, keyala ija inkafa. Makalata a kumudzi ankafikabe pa malo akalewo, wowalandira palibe; iye ali uko ankati abale amuiwala, abale ali kuno ankati wacona. Sitikukana kuti ena anacona mwa kufuna kwao. Koma amene akumbukira masiku amenewo adzabvomera kuti mwa macona aja munalinso anthu amene anangoduka keyala.

Pa masiku a Kampani ya British South Africa, imene inakhazika likulu la North-Eastern Rhodesia ku Fort Jameson mu 1899, makalata ankanyamulidwa ndi amithenga oyenda pansi, obvala yunifomu yofiira. Ena a iwo ankatsika m'cigwa, kuoloka Luangwa ndi kukwera mapiri a Muchinga kunka ku maboma a tsidya lija, thumba pamutu, m'dziko la njobvu ndi mikango. Kalata yoyenda cotero ikalephera kupeza mwini wace, inayenera kubwerera njira yomweyo. Ndico cifukwa cace a positi akhala akulangiza kuyambira kale kuti wolemba aike keyala yace kumbuyo kwa emvulopu. Kalata yopanda keyala kumbuyo, ikasowa mwini, imapita ku ofesi ya makalata obwezedwa, kumene anchito ololedwa ndi lamulo amaitsegula kuti aone ngati m'kati muli cowauza kumene inacokera.

Tsono apa pali cinthu cimene owerenga acigwire bwino, pakuti zonse zotsatira zatsamira pa ico. Kalata ya pepala iri ndi makeyala awiri a woitumiza. Ina iri kumbuyo kwa emvulopu, ndipo imeneyo ndi ya a positi, kuti adziwe kobwezera kalata ikalephera kufika. Ina iri m'kati, pamwamba pa pepala ku dzanja lamanja, ndipo imeneyo ndi ya woiwerenga, kuti adziwe kotumiza yankho. Kawirikawiri ziwirizi zimafanana, koma palibe cokakamiza kuti zifanane. Mwana wa sukulu ya kogonera komweko angathe kulemba keyala ya sukulu pa emvulopu, koma m'kati nanena kuti, "Poyankha lemberani kwa amalume ku Chipata, pakuti tikutsekera sabata yamawa." Wa positi saona za m'katizo, ndipo woyankha kawirikawiri emvulopu amakhala atataya kale.

Nchito ya positi inakhala pansi pa bungwe la Posts and Telecommunications Corporation kuyambira 1975, ndipo mu 1994 bungwelo linagawidwa pawiri, Zampost ya makalata ndi Zamtel ya lamya. Akuluakulu akudziwa pamtima kuti bokosi loyamba ndi 510 ndi la ku Chipata, loyamba ndi 530 ndi la ku Lundazi. Ndipo positi siinafe ai. Mu 2022, pamene Boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000, makalata ofunsira nchitoyo anadzera m'mapositi ofesi, ndipo anyamata ndi atsikana amene anali asanamatepo sitampa anaima pa mizere ndi maemvulopu m'manja. Koma mayankho a masiku ano, a ku makoleji, a ku mabungwe othandiza ana a sukulu, a kwa olemba anthu nchito m'makampu a alendo ku Mfuwe, ambiri akubwera pa lamya ndi pa imelo.

Kalata yopanda pepala

Imelo ndi kalata yoyenda pa makompyuta ndi pa lamya za m'manja. Kacizindikiro kaja ka @, kamene kamalekanitsa dzina la munthu ndi dzina la malo osungira makalata ace, kanasankhidwa ndi Ray Tomlinson ku America mu 1971. Kuno kwathu imelo inayambira pa Yunivesite ya Zambia kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 1994 kampani ya ZAMNET, yobadwira pa yunivesite pomwepo, inalumikiza dziko lathu ku intaneti, pamene maiko ambiri a mu Afirika anali asanatero. Lero mphunzitsi wa ku Masumba, namwino wa ku Kamoto ndi mlembi wa komiti yoyang'anira za cilengedwe m'dera la Lupande ali nayo imelo m'thumba la malaya.

Amene anakonza malamulo a imelo anatengera dala macitidwe a positi. Mu 1982 munatuluka zikalata ziwiri zimene maziko ace akugwirabe nchito, ngakhale zinakonzedwanso mu 2001 ndi mu 2008. Coyamba, cochedwa RFC 821, colembedwa ndi Jon Postel, cinanena za emvulopu. Caciwiri, RFC 822, colembedwa ndi David Crocker, cinanena za pepala la m'kati. Inde, imelo nayo iri ndi emvulopu, ngakhale inu simuiona. Kompyuta yotumiza ikafika kwa kompyuta yolandira, imayamba yanena keyala yobwezera kalata ikalephera, ndi keyala ya wolandira. Kompyuta yomariza imalemba keyala yobwezerayo pa mzera wochedwa Return-Path. Mukalakwitsa cilembo cimodzi pa keyala ya mnzanu, kauthenga kaja kodandaula kuti kalata siinafike kamatsata mzera umenewu.

Pepala la m'kati liri ndi mutu, ndipo mutuwo uli ndi mizera ingapo. Mzera wa To ndi wa wolandira, wa Cc ndi wa ena opatsidwa kope, wa Subject ndi wa nkhani yace. Koma mizera yonena za wotumiza iripo itatu, ndipo kuti tiimvetse tiyerekeze ndi kalata yocokera kunyumba ya mfumu. Mau ndi a mfumu, ndipo dzina lao limalembedwa pa mzera wa From. Amene wagwira colembera ndi kutumiza ndi mlembi wao, ndipo ngati kuli kofunika dzina lace limalembedwa pa mzera wa Sender. Koma mfumu inganene kuti, "Oyankha asabvutitse ine kapena mlembi, alembere nduna yoona za malo." Keyala ya ndunayo ndiyo imalembedwa pa mzera wacitatu, wochedwa Reply-To.

Tsono mukadina batani loyankhira, lamya yanu siyamba yayang'ana pa From monga mmene ambiri aganizira. Imayamba yafuna mzera wa Reply-To. Ikaupeza, yankho lanu imalilozetsa kumeneko. Ikausowa, ndipo pamene imatenga keyala ya pa From. Siikufunsani, ndipo pa kagalasi kakang'ono ka lamya mzera umenewu suonekera pokhapokha mutadina pa dzina la wotumiza kuti zonse zitambasuke. Wotumiza ndiye amalemba mzerawo, ndipo angathe kulembapo keyala iri yonse imene wafuna.

Mzerawu unaikidwa ndi colinga cabwino, ndipo uli ndi nchito zace zoona. Mphunzitsi wamkulu wolemba ali paulendo angafune kuti mayankho apite ku keyala ya sukulu, kumene wothandizana naye adzawaona. Wapampando wa gulu la alimi a thonje angatumize kalata, mayankho nalozetsa kwa msungicuma. Kampu ya alendo imene imatsekedwa m'dzinja Luangwa akasefukira ingalozetse mayankho ku ofesi yace ya ku Lusaka. Zonsezi nzofanana ndi mwana uja wonena za amalume a ku Chipata.

Pamene akuba alowera

Koma khomo lolowera mwini nyumba mbala nayo imalowera pomwepo. Tiyerekeze kuti pa sukulu ina m'cigwa muno pali ana khumi amene amalipiriridwa ndi munthu wacifundo wa ku Ulaya, amene anabwera kudzaona nyama mu South Luangwa National Park nakonda anthu a kuno. Wakuba wina, amene mwina sanapondepo pa Mfuwe, wadziwa za ubale umenewu. Alembera mzungu uja kalata, pa mzera wa From naika dzina la mphunzitsi wamkulu monga liri, pakuti dzina looneka lija munthu ali yense angalembe limene afuna. Pa mzera wa Reply-To aika keyala yace, yofanana ndi yeniyeni koma yosiyana cilembo cimodzi kapena nambala imodzi. Kalata yoyambayo siipempha kanthu, ingopereka moni ndi kunena za mayeso. Wothandiza uja ayankha mokondwa, ndipo kuyambira pamenepo akulankhula ndi mbala, iye ali kuganiza kuti akulankhula ndi aphunzitsi. Pa kalata yacitatu kapena yacinai mubwera mau akuti akaunti ya ku banki yasintha, ndalama za temu ino zitumizidwe ku yatsopano, ndipo msanga. Aphunzitsi enieni sadziwa kanthu, pakuti palibe yankho ndi limodzi lomwe limene lafika kwa iwo. Adzazindikira temu itayamba, ana khumi aja atakhala pakhomo.

Cinyengo ca mtundu uwu si ca masewera. Bungwe la FBI la ku America linalengeza kuti m'caka ca 2023 cokha, madandaulo amene linalandira a kuba kodzera m'maimelo onamizira a zamalonda anakwana madola pafupifupi 2.9 biliyoni. Ena mwa obedwawo anali makampani okhala ndi akatswiri ao a makompyuta. Njira yomweyo ingagwire amai osoka ndi opanga zokongoletsa amene amagulitsa kunja, kapena kampu imene mlendo amalipiriratu asanafike. Ndiponso ndi mbale wace wa kauthenga kaja ka pa lamya kamene ambiri talandirapo, kakuti "ndalama zija mutumize pa nambala iyi, yanga ija yafa". Konsekonse wakuba akungosintha kumene yankho lipite.

Wina angafunse kuti, kodi makampani akuluakulu osunga makalatawa alibe alonda? Ali nao. Pali njira zitatu zochedwa SPF, DKIM ndi DMARC, yomarizayo inatuluka mu 2012. Yoyamba imaona ngati kompyuta yotumiza iri ndi cilolezo ca eni dzina lolembedwa pa emvulopu. Yaciwiri iri ngati cidindo cosonyeza kuti kalata siinasinthidwe panjira. Yacitatu imaona ngati ziwirizo zikugwirizana ndi keyala ya pa From. Mu 2024 Google ndi Yahoo anayamba kukakamiza otumiza makalata ambirimbiri kuti azitsata njirazi, ndipo zathandiza ndithu: nkobvuta tsopano kunamizira keyala yeniyeni ya bungwe limene linadzichinjiriza. Koma onani pamene pali mpata. Palibe mwa alonda atatuwa amene amafunsa ngati keyala ya pa Reply-To iri ya munthu yemweyo wa pa From, ndipo palibe amene amafunsa ngati dzina looneka lija liri loona. Sangafunse, pakuti kusiyana kwa mizera iwiriyo nkololedwa, monga taonera pa citsanzo ca mfumu ndi nduna. Wakuba amene watsegula keyala yace yace ya ulere nabvekapo dzina la mnzace amadutsa alonda onse atatu mutu uli m'mwamba.

Cotero mlonda wacinai ndinu. Mukadina poyankhira, musanalembe liu ndi limodzi lomwe, yang'anani keyala imene yalowa pa mzera wa To, ndipo muiwerenge cilembo ndi cilembo, makamaka mbali ya kumanja kwa kacizindikiro ka @. Makeyala a maofesi a Boma amathera ndi gov.zm, a masukulu apamwamba ambiri ndi ac.zm kapena edu.zm. Kalata yodzicha ya unduna, koma yankho lace likulozera ku keyala ya ulere yokhala ndi manambala ambirimbiri, iyenera kukudabwitsani. Pa nkhani iri yonse ya ndalama, makamaka yonena kuti akaunti kapena nambala yasintha, musayankhe pa kalata yomweyo. Imbani lamya pa nambala imene munali nayo kale, osati imene yalembedwa m'kalatamo, kapena pitani nokha ngati ndi pafupi. Amene ali ndi abwenzi owathandiza kunja acite bwino kupangana nao lero lomwe kuti kusintha kuli konse kwa akaunti kudzatsimikizidwa pakamwa. Amene wabedwa kale akanene msanga ku banki yace, ku polisi ndi ku bungwe la ZICTA, limene limayang'anira za lamya, intaneti ndi positi m'dziko muno.

Odziwa kompyuta angapite patsogolo. Pa mutu wa imelo iri yonse pali mizera yoyamba ndi liu lakuti Received, imene kompyuta iri yonse yopitirapo kalata imaonjezera, monga zidindo zimene a positi ankadinda pa emvulopu. Imawerengedwa kucokera pansi kukwera m'mwamba, ndipo kawirikawiri imaulula kuti kalata yonena kuti yacokera kufupi yadzera kutali.

Keyala yobwereka

Koma kunena zoona, m'midzi yathu mayankho ambiri sakubedwa ndi mbala. Akutayika cifukwa ca keyala yobwereka, bvuto lomwe lija la makolo athu litabvala malaya atsopano. Mnyamata wamariza Giredi 12, ndipo fomu ya ku koleji kapena ya thandizo la Constituency Development Fund kuno ku Malambo ikufuna imelo ndi nambala ya lamya. Iye alibe. Apita kwa wojambula mapepala pa msika, kapena kwa msuwani wace wa ku Chipata, amene amtsegulira keyala mofulumira, mau acinsinsi nasunga yekha, nambala ya lamya yotsimikizira naikapo yace. Fomu ipita. Patapita miyezi iwiri yankho lifika, lonena kuti abwere pa tsiku lakuti. Msuwani uja wasintha lamya, kapena saona makalata a keyala imene si yace. Mphunzitsi wakale uja wolandirira anthu makalata anali ndi ubwino umodzi, wakuti ankadziwa mudzi wanu ndipo ankatuma mwana kudzakuitanani. Kompyuta siituma mwana.

Nambala ya lamya nayo si munda wa makolo. Kakhadi kakakhala nthawi yaitali osagwira nchito, kampani imakatseka, ndipo pambuyo pace nambalayo ingaperekedwe kwa munthu wina. Amene analemba nambala imeneyo pa fomu, kapena anamangirirapo imelo yace, adzapeza kuti uthenga womuitana ku nchito, ngakhale manambala otsegulira imelo yace akaiwala mau acinsinsi, zikupita kwa mlendo wa ku Kitwe kapena ku Mongu. Cotero wofunsira malo atsegule keyala ya dzina lace, aimangirire ku nambala yolembetsedwa ndi citupa cace, mau acinsinsi awalembe m'buku losungika, ndipo sabata iri yonse apite pamene lamya imagwira kukaona ngati kwabwera kanthu, osaiwala kuyang'ana m'thumba la Spam, mmene makalata abwino nao amagweramo nthawi zina. Ngati palibe kucitira mwina koma kubwereka, abwereke kwa munthu amene amaonana naye masiku onse, ndipo amuuze cimene akuyembekezera.

Pali zina ziwiri zazing'ono. Makalata ena, makamaka a mabanki ndi a makoleji, amacokera ku keyala yoyamba ndi mau akuti noreply, kutanthauza kuti kumeneko kulibe munthu wowerenga. Kuyankha kumeneko kuli ngati kuponya kalata m'citsime, ndipo keyala yoyenera muifune m'kati mwa kalatamo. Cina ndi mabatani awiri aja, Reply ndi Reply All. Loyamba limayankha munthu mmodzi, laciwiri limayankha onse olembedwa pa To ndi pa Cc. Namwino amene afuna kufotokozera mkulu wace za matenda a pa banja lace, nadina laciwirilo pa kalata imene inapita ku zipatala zonse za m'boma, wauza boma lonse.

Magulu a m'midzi, makomiti a makolo ndi aphunzitsi, ndi makomiti a za cilengedwe ali ndi bvuto lao lapadera, pakuti maudindo amasintha pa masankho. Kawirikawiri keyala imene mabungwe akunja akuidziwa ndi ya mlembi mwini wace, ndipo iye akagwa pa cisankho amapita nayo pamodzi ndi makalata onse. Gulu litsegule keyala ya dzina la gululo, anthu awiri kapena atatu adziwe mau acinsinsi, ndipo pa tsiku lopatsana maudindo keyalayo iperekedwe pamodzi ndi buku la ndalama ndi cidindo, mau acinsinsi ndi nambala ya lamya yotsimikizira zisinthidwe pomwepo onse akuona, ndipo mlembi watsopano alembere onse amene gulu limacita nao zinthu kuwadziwitsa kumene ayenera kuyankha.